Dikirani Ndilembe Kaye

Iwe wa foniwe, ibwezere m'thumba. Nkhani iyi sindifuna ilowe m'makina, ndipo ukaimva mpaka kumapeto sundifunsanso chifukwa chake. Enanu senderani kuno, nkhunizi ndi zaziwisi, utsi ungakulizeni nthawi yolira isanakwane.

Mukakwera phiri lathu la Mulanje kudzera njira ya kukasupe, kale munkafika pamudzi wa Namphwanya, nyumba khumi ndi zinayi zokakamira pachifuwa cha phiri. Kumtunda kwa nyumbazo kunali khoma. Silinali la simenti kapena la matope. Linali la miyala yokhayokha yogonerana, lalitali kuposa munthu wosenza mtolo wa udzu, ndipo ntchito yake inali imodzi, kugwira phiri kuti lisatsikire anthu. Chaka chija napolo anadutsa, nyumba za njerwa zootcha za kumunsi zinapita ndi malata omwe. Pa Namphwanya madzi analowa m'mipata ya khomalo n'kutulukira kunsi, matope ndi zimiyala n'kutsalira kuseri. Sipanafe ngakhale nkhuku.

Mmisiri wa khomalo anali a Mathuwa, munthu wamfupi, wosowa mawu, wa zala ngati zidutswa za chinangwa. Khomalo mukaliyang'anitsitsa linali ndi mizere. Pansi penipeni panali miyala yakuda yodzala ndere, ya anthu amene mayina awo anaiwalika. Pamwamba pake panali mzere wa agogo awo aakazi, a Nanthalo, poti phiri silifunsa ngati wavala chitenje kapena kabudula. Kenako mzere wa bambo awo, ndiye pamwamba wawo. Mwambo unali wakuti mmisiri amakhala mmodzi basi. Akaphunzitsa wina n'kumupatsa nyundo, iye sakhudzanso mwala mpaka kumanda. Ife tinkayesa ndi ulemu chabe, kuti wamkulu asamalowerere ntchito ya mwana. Palibe anafunsapo, ndipo a Mathuwa sanali munthu woyankha zosafunsidwa.

Ana awo anali awiri. Waisoni, amene ankayembekezeka kulandira nyundo, anapita ku Joni, ndipo chaka chachitatu ngakhale foni yake inasiya kulowa. Wina anali Elube, mtsikana wa sukulu, wogwira ntchito ku Blantyre pa ofesi ina yosonkhanitsa zinthu zamakedzana kuti zisatayike. Ankalemba nyimbo za pamtondo, kujambula oluka nkhokwe, zoterozo. Napolo atadutsa, khoma linatupa mimba pafupi ndi mkuyu, ndipo a Mathuwa, ndi msana wawo wa zaka makumi asanu ndi awiri, ankangoliyang'ana. Elube atamva anakwera basi. Anafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, atanyamula kope lalikulu lachikuto chofiira, mabolopeni atatu ndi tepi yoyezera.

"Ababa, mukagona lero osadzuka, khomali adzalikonza ndani?" anafunsa tsiku lomwelo ali pakhonde.

"Waisoni abwera."

"Achimwene sabwera, ababa. Tisanamizane. Mvula yatsala milungu isanu."

A Mathuwa anakhala masiku atatu osaitchulanso nkhaniyo, akungozungulira pamkuyu paja, kusisita miyala ndi chikhatho ngati akusisita ng'ombe yodwala. Tsiku lachinayi anamuitana.

"Ukudziwa chimene ukupempha, mwanawe?"

"Ndikufuna luso lanu lisatayike."

"Ndikakupatsa ndakupatsa. Sindibwereza."

"N'chifukwa chake ndabwera ndi kope."

Mkuluyo anayang'ana kopelo kanthawi. "Mawa ubwere ndi manja," anatero.

Elube anayesa ndi mayankhulidwe chabe a anthu akale. M'mawa mwake anabwera, manja onse awiri ali ndi ntchito kale, lina kope, lina bolopeni.

Tsiku loyamba anali kumvetsera miyala. A Mathuwa ankaugogoda mwala ndi nyundo, kho, kho. Wabwino umalira ngati belu la kutali, wong'aluka m'kati umatsokomola. Anamutambasulira nyundo. "Tagogoda uwu."

"Dikirani ndilembe kaye, ababa."

Analemba. Anajambulanso kulira kwake pa foni, mwala wabwino padera, woipa padera. Pomaliza dzuwa linali litafika paliwombo, ndipo nyundo ija inali idakali m'dzanja la bambo ake.

Tsiku lachiwiri anamuonetsa kuti mwala umodzi umagona pa iwiri, osati pa umodzi, kuti mng'alu usatsetsereke kuchoka pamwamba mpaka pansi. Lachitatu, kuti mwala wautali umalowetsa mutu m'phiri, kunja n'kungoonetsa mapazi. Lachinayi, kuti khoma siliima chilili ngati msilikali, limatsamira phiri pang'ono. Lachisanu, mipata ya madzi, poisiya ndi kukula kwake, ndi timiyala tothira kuseri kuti matope asatseke njira. Tsiku lililonse mawu anali omwewo. "Gwira apa, umve mmene wakhalira." "Tembenuza wekha, ukuuza mbali yogonera." Ndipo yankho linali lomwelo. Dikirani ndilembe kaye. Dikirani ndiyeze kaye. Ababa, bwerezani pomwepo ndijambule.

Ndisamunamizire mwana wa eni, sanali waulesi ndipo sankanyansidwa ndi fumbi. Anali ndi mantha. Kuntchito kwake anali ataona nkhalamba zambiri zikumwalira nyimbo ili pakati, ndiye mumtima ankati ndilembe zonse mwamsanga, zogwiragwirazo ndichita pambuyo, miyala sithawa. Ankalota buku lotsindikizidwa, loti achinyamata zana aphunzirepo, midzi yonse ya m'mbali mwa phiri ikhale ndi makoma otere. Maganizo abwino ndithu. Koma tsoka silinunkha.

Chodabwitsa choyamba chinali nkhungu. Inu nonse mukudziwa kuti chiperoni ndi cha mu Juni ndi Julaye. Koma tsiku lachitatu lija, masana dzuwa lili ng'ee, nkhungu inatsika m'phiri mwakachetechete n'kukuta mudzi, yozizira, yonunkha ngati m'phanga. Nyenje zinaleka kulira. Amayi anatola ufa umene anayanika, akung'ung'udza kuti nyengo yasokonekera masiku ano. Ndiye m'nkhungumo Elube anamva kugogoda, kho, kho, chakumapeto kwa khoma. Kenako pafupi pang'ono, kho, kho. Ngati munthu akuyenda m'mbali mwa khoma kumvetsera mwala uliwonse. Anacheuka kuti afunse bambo ake, n'kupeza nyundo ili pansi pamapazi awo.

"Ndani ameneyo?"

"Lemba zako," anatero a Mathuwa.

Chachiwiri chinali bambo akewo. Tsiku lachinayi anasankha mwala, n'kuuika pamalo, ndipo Elube ataugogoda ndi bolopeni mwamasewera anamva kuti ndi wotsokomola. Anaseka. "Ababa, mukundiyesa eti? Tsamba loyamba likuti uwu ndi wotaya." Mkuluyo sanaseke. Anaugogoda, n'kupendeketsa khutu, n'kuugogodanso. Nkhope yawo inali ya munthu amene akumvetsera chinenero cha dziko lina. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anagoneka mwala pa mwala umodzi, ngati mwana woumba nyumba ya masanje. Sanali kudwala. Ankadya bwino, nyimbo za kutchalitchi ankaimba mavesi onse, mbuzi zawo ankazidziwa iliyonse ndi mayi ake. Chinkachoka ndi chokhacho chimene chalowa kale m'kope. Elube anaona, mtima unamupweteka, koma anaganiza kuti ndi ukalamba ukuthamanga, ndiye anawonjezera liwiro la bolopeni.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri kope linadzaza. A Mathuwa anatola nyundo n'kumupatsa. Elube, poti manja anali otanganidwa ndi foni ndi tepi, anati, "Ikani pomwepo," ndipo anaiika pamwamba pa kope limene linali pamwala. Mkuluyo anapukuta zikhatho m'thalauza n'kutsika kunyumba osacheuka.

Madzulo ake dzuwa lisanapendeke kwenikweni, Elube anapita kukasupe ndi chidebe. Nkhungu inamupeza pobwerera. Pa njira yopapatiza ija, pakati pa nsungwi, anaona anthu akukwera mondondozana. Anapatuka kuti adutse, monga achitira mwana woleredwa. Anali opanda nsapato, ndipo mapazi awo sankamveka. Aliyense anali ndi nkhata pamutu, nkhata yokha yopanda katundu. Nkhope zawo Elube ananena pambuyo pake kuti anaziona bwinobwino, koma ukamufunsa kuti zinali zotani ankangotsegula pakamwa. Chimene anakumbukira ndi zala, zonse ngati za bambo ake.

Wotsogolera anali mayi wokalamba. Anaima.

"Tamva kuti nyundo yachoka m'dzanja. Mmisiri watsopano ndi uti?"

"Ine ndine Elube, mwana wa a Mathuwa," anayankha atagwada pang'ono, chidebe chili pamutu.

"Tione manja."

Anatambasula dzanja limodzi. Mayiyo analigwira, ndipo kuzizira kwake kunafika mpaka m'chigongono. Analitembenuza, n'kusisita chikhatho chosalala, n'kuima pa kadontho ka inki pachala chapakati.

"Si uyu," anauza anzake kumbuyo. Mawuwo anayenda mumzere wonse, si uyu, si uyu, mpaka kukazimirira m'nkhungu. Kenako anafunsanso, mofatsa ndithu, "Nanga wapatsidwa ndani?"

Anthu aja anadutsa mmodzimmodzi, ndipo galu wa pamudzi amene ankamutsatira anagona pansi n'kubisa mphuno m'miyendo.

Kunyumba anapeza azakhali ake, a Dolofe, mlongo wa a Mathuwa, akusenda nandolo. Anawafotokozera akuyesa kuseka, kuti mwina ndi anthu a mpingo wina wopemphera kuphiri. A Dolofe anaika lichero pansi.

"Pankhatapo panali chiyani?"

"Panalibe kanthu."

"Amakwera kapena amatsika?"

"Amakwera, kulowera kukhoma."

Nkhuku zinayamba kudya nandolo m'lichero, a Dolofe osazithamangitsa.

"Masiku onsewa unagwirako mwala, iwe?"

"Ndimati ndiyambe mawa, azakhali. Ndimafuna ndimalize kaye kulemba."

"Mayo ine," anatero a Dolofe chapansipansi. "Ine ndimaona mukukwera awiri m'mawa, ndimati zikuyenda. Mwanawe, luso limene lija silikhala pawiri. Likachoka mwa wina limalowa mwa wina, ndipo khomo lake ndi m'zikhatho. Abambo athu atamaliza kuphunzitsa bambo akowa, sankadziwanso ngakhale kuika mafuwa. Ndipo miyala ili apo ndi ya eni ake. Aliyense anasiya yake podziwa kuti pali woiyang'anira."

"Nanga woiyang'anirayo akasowa?"

"Munthu akaona kuti katundu wake alibe mwini amatani?"

Elube anathamangira kwa bambo ake, amene anali kuseri kwa nyumba akusoka mphasa. Anagwada, misozi ili mbwembwembwe. "Ababa, tiyambirenso. Mawa ndibwera ndi manja okha, kope ndilisiya."

A Mathuwa anamuyang'ana mwachifundo. "Ndinakupatsa zonse, Elube. Sunalandire?"

"Ndinalemba."

"Ndiye zili mmenemo."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinakuuza tsiku lililonse. Ndimati gwira."

M'mawa mwake mwala woyamba unasowa. Unali wa mzere wa pansi penipeni, waukulu woti amuna anayi sangausunthe. Panatsala bowo looneka bwino, ndere itazungulira m'mphepete, ndipo miyala ya pamwamba pake inali chikhalire ngati sinamve kuti pansi palibe kanthu. Panalibe mkukuluzi pansi, panalibe phazi. Masana nkhungu itabwera n'kuchoka, inasowa ina itatu.

Anthu a pa Namphwanya anayamba ndi kutukwana akuba. Anaika amuna awiri kuti alondere masana onse. Nkhungu itatsika, amunawo anamva kho, kho mbali iyi, atathamangira kumeneko anamva mbali inayo, ndipo itayera mmodzi anapezeka atatsamira pabowo pamene panali mwala nthawi yomwe ankakhala pansi. Sanalonderenso. Wina anagula matumba awiri a simenti n'kumata mzere wonse wa a Nanthalo. Patapita masiku awiri simentiyo inali pomwepo, yolimba bwino, yokhala ndi mapanga m'kati ngati chisa cha mavu, miyala itachokamo. Kuchokera tsiku limenelo anthu anasiya kuyang'ana kumtunda. Ankalankhula motsitsa mawu, ndipo mabanja awiri anamanga katundu n'kutsikira kwa abale kumunsi osatsanzika.

Elube sanathawe, ndipo apa ndimupatse ulemu wake. Kuyambira m'bandakucha ankakhala pakhoma, kope lotsegula pambali atalitsindira ndi nyundo. Ankawerenga, n'kusenza, n'kugoneka. Mwala umodzi pa iwiri. Mutu m'phiri. Kutsamira zala zinayi pa mkono uliwonse, monga anayezera ndi tepi. Zikhatho zinatuluka matuza, matuza anaphulika, zikhadabo ziwiri zinachoka. Mzere woyamba unkakhala. Wachiwiri unkakhala. Akaika wachitatu, zonse zinkapendama pang'onopang'ono n'kukhuthukira pamapazi ake. Ankabwerera m'kope kufuna pamene walakwitsa, osapapeza. Anamvetsera pa foni kulira kwa miyala kuja mpaka batire kutha, koma akagogoda yekha yonse inkalira chimodzimodzi.

Mlungu wachitatu anaganiza zowadikira. Nkhungu itatsika anaima pamkuyu, kope lili pachifuwa. Anamva kugogoda kukuyandikira, kenako anawaona akutuluka m'mbali mwa khoma. Ulendo uno nkhata zinali ndi katundu. Ankayenda mowongoka, miyala ikuluikulu ili pamitu ngati madengu a thonje.

"Agogo," anatero Elube kwa mayi wotsogolera uja. "Sichinatayike. Chonse chili umu. Onani, ndi manja anga awa, asinthatu."

Mayiyo anayang'ana manja a magaziwo nthawi yaitali, ndipo Elube akuti anaona ngati akumumvera chisoni. Kenako anawerama n'kutola kamwala kakang'ono.

"Wapatsidwayo ndi ameneyu?" anafunsa akuloza kope.

"Ee."

Anaika kamwalako pachikuto chofiira. "Agoneke."

Anadikira. Mzere wonse unadikira, ndipo kunali zii moti Elube ankamva madontho a nkhungu akugwa m'masamba a mkuyu. Kamwala kanakhala pomwepo mpaka dzanja la Elube linatopa, kenako kanatsetsereka n'kugwa pansi.

"Alibe manja," anatero mayiyo, n'kupitiriza ulendo.

Womaliza pamzerewo anali bambo wamfupi, woyenda motsimphina mwendo wamanzere. A Dolofe atamva zimenezo anafunda chitenje kumutu, chifukwa bambo awo ankayenda choncho. M'mawa mwake mzere wachitatu wa khoma, wa bambo awowo, unali utayamba kuchepa.

Zotsatira zake ena mwa inu mukuzidziwa. Pofika pakati pa Novembala panatsala mzere umodzi wokha, wa a Mathuwa, utatsikira pansi mwadongosolo lake ngati mkanda wogwa m'khosi, poti mwini wake anali adakali moyo. Anthu onse anasamuka mvula isanakhwime, ndipo mu Januwale phiri linatsika n'kukwirira nyumba zonse khumi ndi zinayi. Pa Namphwanya lero pali chilonda chofiira chimene mumachiona muli pamsewu. Kope lija linatsindikizidwa, lili ndi zithunzi zokongola, ndipo amisiri a sukulu analiyesa m'midzi itatu. Akuti mulibe cholakwika ngakhale chimodzi. Makoma awo onse anagwa pa mzere wachitatu.

Koma chimene chimandiwawa ine si phiri kutsika ayi. Ndi tsiku lomaliza, katundu atatsitsidwa kale, mitambo itada bii chakum'mawa ndipo bingu likung'ung'udza kuseri kwa phiri. Elube anakwera kukatenga bambo ake, n'kuwapeza atakhala pansi pafupi ndi mzere wawo uja. Anali atanyamula mwala pamiyendo, akuutembenuza uku ndi uku.

"Ababa, tiyeni. Mvula ikubwera."

"Taima. Uwu umagona chotani?"

Elube anayang'ana mwalawo, kenako kope limene linali m'khwapa mwake.

"Si uli nalo buku lija? Tawerenga timve."

Anakhala pansi pambali pawo n'kutsegula kope. Anawerenga tsamba lachitatu lonse, mawu a bambo ake enieni monga anatulukira m'kamwa mwawo, za mwala wautali wolowetsa mutu m'phiri, za kuufunsa mbali imene ukufuna kugonera, za kusaukakamiza. A Mathuwa anamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Dontho loyamba linagwa patsambalo, inki n'kuyamba kuyenda.

"Ameneyu ankaidziwa ntchito," anatero mkuluyo. "Anali wa kuti?"

Anaika mwala uja pansi chagada, n'kuimirira kutsata mwana wawo.